Chotupa cha Pakhosi Tisachibise ndi Mpango

Amayi anzanga, m'midzi ndi m'tauni momwe, si chachilendo kuona mayi atakulunga mpango m'khosi ngakhale dzuŵa likuswa mtengo. Kaŵirikaŵiri chimene akubisa ndi chithokomiro.

Kutsogolo kwa khosi la munthu aliyense kuli kachiwalo kooneka ngati gulugufe, kamene kamatulutsa timadzi toyendetsa mphamvu za thupi. Kakasoŵa ayodini kamafufuma, ndipo nchifukwa chake timalangizidwa kuphikira mchere wothira ayodini. Zotupa zambiri za pamenepa si khansa ayi, koma zina ndi khansa ndithu, ndipo akazi odwala khansa imeneyi amachuluka pafupifupi katatu kuposa amuna.

Nanga chimene chimathandiza khansayo kukula nchiyani? M'chaka cha 1988, Masashi Yanagisawa ndi anzake ku Japan adatulukira kanthu kena ka m'thupi kotchedwa endothelin. Kamapangidwa m'kati mwa mitsempha ya magazi, ndipo ntchito yake ndi kufinya mitsemphayo kuti ichepe. Pambuyo pake akatswiri ena adapeza kuti m'khansa ya chithokomiro yofala kwambiri, imene madokotala amaitcha papillary, endothelin amakhala wochuluka kuposa m'chiwalo chabwinobwino. Iye ali ngati mthenga wogogoda pakhomo: maselo a khansa akamlandira, amamva uthenga wakuti aswane ndi kuchulukana. Akatswiriwo atatseka khomolo pa maselo oŵetedwa m'nyumba zofufuzira, kuswanako kudachepa.

Komabe tisafulumire kuululutira. Mankhwala otseka khomo la endothelin alipo, monga bosentan amene adaloledwa ku America mu 2001, koma ntchito yake ndi kutsitsa kuthamanga kwa magazi m'mitsempha ya m'mapapo. Sali m'gulu la mankhwala ochizira khansa ya chithokomiro.

Chithandizo chodalirika ndi opaleshoni yochotsa chiwalocho kapena mbali yake. Ena amapatsidwanso ayodini wapadera wotentha maselo otsalira, ndipo amene achotsedwa chiwalo chonse amamwa mbulu tsiku lililonse moyo wao wonse. Chosangalatsa nchakuti ambiri odwala mtundu wa papillary amakhala zaka zambiri, kulima, kulera ana mpaka kuona zidzukulu.

Tsono imani pagalasi, mukweze chibwano, mumeze madzi pang'ono mukuyang'ana khosi. Mukaona chotupa cholimba kapena chokula msanga, mau akasasa kwa masabata angapo popanda chimfine, kumeza kapena kupuma kukamavuta, kapena m'mbali mwa khosi mukatuluka mwanabere wosaphwa, pitani kuchipatala osazengereza. Kutema mphini pachotupacho kumangotaya nthaŵi.

Auzeni bambo a kunyumba kuti akuperekezeni, ndipo mnzanu wa pamtondo mukamuona ndi mpango uja, mlangizeni mwaulemu muli aŵiri. Paja akulu adati safunsa adadya phula.