Koloko ya ku London, Dzuwa la Kumudzi

Lamulungu lomaliza la October, anthu ali m'tulo, nthawi ya dziko la Britain imabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi. Ku Malawi palibe amene amakhudza koloko. Choncho kuyambira tsikulo mpaka Lamulungu lomaliza la March, kwathu amakhala patsogolo ndi maola awiri. M'miyezi inayo kusiyanaku ndi ola limodzi lokha.

Zimaoneka zazing'ono, koma taganizani za mayi amene waweruka kuntchito yosamalira okalamba 8 koloko usiku mu December. Pamene akukwera basi ku Croydon, ku Ntcheu ili 10 koloko, agogo anagona kalekale. Moni uja amadikira Loweruka, Loweruka nalonso n'kudutsa. Agogo nawo akaimba 6 koloko m'mawa, kuno imakhala 4 koloko mbandakucha, ndipo tonsefe timadziwa mmene mtima umadumphira foni ya kumudzi ikalira nthawi imeneyo. Timayamba taganiza za maliro.

Chodabwitsa n'chakuti mzere umene dziko lonse limawerengerapo nthawi uli pompano, ku Greenwich, monga momwe mayiko anagwirizanirana ku Washington mu 1884. Komatu eni mzerewo nawonso anayamba kusunthasuntha koloko mu 1916. Anzathu a ku Philippines, amene ambiri timagwira nawo ntchito m'zipatala, awo ndiye ali pa moto: m'nyengo yozizira amasiyana ndi kwawo ndi maola 8.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pantchito yanga yoona za umoyo wa mabanja ndi ana. Kwathu dzuwa limatithandiza kulera: likalowa, mwana amadziwa yekha kuti ndi nthawi ya nsima ndi mphasa. Kuno mu June limalowa 9 koloko itadutsa, mwana n'kumakana kugona, m'mawa mwake n'kumasinza m'kalasi. Mu December kumada 4 koloko isanakwane, pamene mwanayo wangoweruka kumene kusukulu, makolo ali kuntchito. Aphunzitsi akuno saona zimenezi mopepuka. Mwana akamasinza tsiku ndi tsiku, kapena akamapezeka yekha panyumba kutada, amafunsa mafunso, ndipo nthawi zina mafunsowo amafika ku ofesi ngati yathu.

Banja lina limene ndinkalichezera linapachika makoloko awiri pabalaza, ina ya kuno ina ya kumudzi. Linagwirizana ndi agogo kuti azilankhulana Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, ndipo kuti foni ya usiku ikhale ya zadzidzidzi zokha. October atafika, mwana wawo wa zaka 7 ndiye anakwera pampando kukabweza koloko ya kuno. Ya agogo sanaikhudze.