MAKINA OWAZA NKHUNI AFUNA ZIPANGIZO ZAKE

Ku Finland, dziko lozizira kwambiri la kumpoto kwa Ulaya, alimi ambiri analeka kuwaza nkhuni ndi nkhwangwa. Ali ndi makina, monga a Palax ndi Japa, amene amalumikizidwa kumbuyo kwa thalakitala. Makinawo amadula cipika ndi sowo, kenaka amacikankhira mwamphamvu pa mpeni umene umaciwaza.

Mlimi wanzeru sagula zonse tsiku limodzi. Amayamba ndi makina okha, ndipo ndalama zikapezeka amaonjezapo cipangizo cimodzicimodzi. Coyamba ndi conyamulira zipika kucokera pansi, pakuti nchito yonyamula ndiyo imapweteka msana. Caciwiri ndi lamba wotengera zipika ku sowo. Pambuyo pake amasintha mpeni, kuti cipika cimene cinali kutuluka zidutswa 2 cizituluka 4 kapena 6. Nkhuni zowazidwa bwino zimauma msanga, ndipo zouma sizifuka utsi wambiri m'nyumba.

Koma pali cinthu cimodzi cosayenera kucotsa, ndico cochinga ca pa sowo. Wocicotsa pofuna kufulumira angathe kutaya zala. Cipangizo cikathyoka mlimi amagula cina, koma dzanja siligulidwa m'sitolo.