Chipangizo Chobwereka M'manja mwa Mwana: Kodi Mlonda Wake Ndani?

Masiku ano sichachilendonso kuona mwana wa Fomu 2 kapena Fomu 4 akulowa m'nyumba atanyamula tabuleti, laputopu kapena foni yamakono imene makolo ake sadagule. Nthawi zina yachokera kusukulu, nthawi zina kubungwe lomwe likumulipirira fizi, penanso kwa mphunzitsi wa maphunziro apadera amene ambiri amati patitaimu, ndipo kawirikawiri kuno kunyanja yachokera kwa amalume kapena achimwene amene ali ku Joni, omwe anena kuti mwanayo aphunzirirepo kufikira atalemba mayeso a MSCE. Ili ndi thandizo loyenera kuthokoza. Koma chinthu chobwereka chili ndi vuto limene chinthu chogula chilibe, pakuti chimakhala ndi eni awiri, ndipo aliyense amayesa kuti mnzake ndiye akulondera. Mphunzitsi amati mwana ali kwawo, makolo ake akumuona. Kholo nalo limati izi n'za kusukulu, zoipa zonse adazitseka kale. Pakati pa awiriwa mwana amatsala yekha ndi intaneti usiku wonse.

Tiyambe ndi kudziwa amene wabwereka. M'malamulo a Chisilamu kutenga chinthu cha wina kuti uchigwiritse ntchito ndi kudzabweza chomwecho kumatchedwa ariya, ndipo kumasiyana ndi ngongole ya ndalama kapena ya ufa imene umabweza china chofanana nacho. Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) adabwerekapo zovala zachitsulo zankhondo kwa Safwan ibn Umayya pokonzekera nkhondo ya Hunayn m'chaka cha 8 cha Hijra, ndipo adamutsimikizira kuti sadzataya katundu wake. Maulama a mazihabu a Shafi'i, amene ambiri a ife kuno timatsatira, amati wobwereka amalipira chinthucho chikatayika kapena kuonongeka m'njira yosiyana ndi ntchito imene adaloledwa, pamene a mazihabu a Hanafi amati chinthucho ndi amana, ndipo munthu amalipira pokhapokha atachita mosasamala kapena atapyola malire. Onse amavomerezana kuti chobwereka chigwire ntchito imene mwini wake adaloleza. Komanso mwana amene sanakhwime nzeru saima yekha pa pangano lotere. Choncho ngakhale tabuletiyo imagona m'chikwama cha mwana, wobwereka weniweni ndi inu kholo kapena inu amene mukumulera, ndipo muli ndi ufulu wonse wofunsa mafunso musanailandire.

Funso loyamba n'lakuti kodi chipangizocho chidatsekedwadi, nanga adatseka ndani ndipo kufikira liti? Zimene zidachitika ku England zikutiphunzitsa kuti dzina la sukulu kapena la boma si chitsimikizo. Sukulu zitatsekedwa kamba ka mliri wa Covid-19 mu 2020, unduna wa zamaphunziro kumeneko udayamba kugawa malaputopu ndi matabuleti, ndipo pofika mu 2021 udali utapereka oposa 1.3 miliyoni kusukulu ndi kumakhonsolo kuti azibwereketsa ana a mabanja osauka. Mu January 2021 aphunzitsi ena ku Bradford adapeza kuti malaputopu ena adafika ali kale ndi vairasi yotchedwa Gamarue, yomwe imatha kuba zinsinsi za munthu ndi kuzitumiza kwa akuba akutali. Undunawo udati makina okhudzidwa adali ochepa, komabe adali atatsala pang'ono kulowa m'manja mwa ana. Chinanso chimene makolo ambiri sakadachiganizira n'chakuti pulogalamu yosefa masamba oipa imene boma lidaika m'malaputopu ambiri idali ndi nthawi yake, ndipo idatha mu September 2021. Sukulu imene sidaikemo ina idasiya khomo lotsekula. Sefa yotere ili ngati ukonde wa msodzi: umafuna kusokedwa nthawi ndi nthawi, ndipo ngakhale wabwino umapulumutsa nsomba zina.

Funso lachiwiri anthu ambiri amachita nalo manyazi, chifukwa limaoneka ngati kukayikira munthu amene wakuchitira zabwino. Kodi wobwereketsa amatha kuona chiyani kudzera m'chipangizocho? Ku America, m'dera la Lower Merion pafupi ndi mzinda wa Philadelphia, akuluakulu a sukulu adabwereketsa malaputopu kwa ophunzira a kusekondale pafupifupi 2,300 kuti azipita nawo kunyumba. M'makinawo mudali pulogalamu yoyatsa kamera kuchokera kutali, yomwe cholinga chake chidali kusaka makina obedwa kapena otayika, koma makolo sadauzidwe. Nkhani itapita kukhothi mu February 2010 zidadziwika kuti pulogalamuyo idajambula zithunzi zoposa 56,000, zina mwa izo ana ali m'nyumba zawo ngakhale kuchipinda. Mu October chaka chomwecho akuluakulu aja adavomera kulipira madola 610,000 kuti milandu ithe. Ife amene timalemekeza sitara ya ana athu aakazi ndi ya amayi athu pakhomo tiyenera kumvetsa kuti kamera yosatsekedwa ndi zenera la mlendo m'kati mwa nyumba. Kapepala komata pakamera pamene phunziro latha sikadya ndalama, ndipo laputopu izitsekedwa ndi kuikidwa pabalaza, osati pamphasa pamene mwana amagona ndi kuvalira.

Kuno kwathu tisasokoneze zinthu ziwiri. Matabuleti a pulogalamu ya boma ya BEFIT, imene idayamba mu 2023 m'sukulu za pulayimale 500 kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, amakhala kusukulu komweko, ndipo maphunziro a kuwerenga ndi masamu ali kale m'kati mwake moti mwana salowa nawo pa intaneti. Nkhawa yathu ili pa zipangizo zimene zimabwera kunyumba, zokhala ndi simu khadi ndi bandulo.

Mwa zonsezi, foni yobwereka kwa wachibale ndiyo imafika yosakonzedwa kwenikweni. Mwini wake ndi munthu wamkulu, ndipo m'fonimo mumatsala zithunzi zake, magulu ake a pa WhatsApp, akaunti yake ya Facebook imene sadatulukemo, mwinanso masamba a juga amene adazolowera kutsekula. Iye sadafune kuipitsa mwana, wangoiwala. Foni yotere ifufutidwe zonse, mwini wake atavomera ndi kusunga zake kwina, kenaka mwana atsekuliridwe akaunti yakeyake yosonyeza zaka zake zenizeni. Zaka zenizenizo n'zofunika, chifukwa Facebook, TikTok ndi WhatsApp salola mwana wosakwana zaka 13, ndipo mwana wolembedwa kuti ali ndi zaka 25 amaonetsedwa zinthu za munthu wa zaka 25. Pa mafoni a Android pali pulogalamu yaulere ya Google Family Link imene kholo limatha kuletsera mapulogalamu ena ndi kuika nthawi yoti foni izidzitseka yokha. Kholo limene silidziwa Chingerezi lisataye mtima. Komiti ya mzikiti kapena ya madrassa ingathe kusankha wachinyamata wokhulupirika woti azithandiza mabanja pa ntchito imeneyi, malinga nambala yachinsinsi ikhale ndi kholo.

Pali chinthu china cha kumudzi chimene olemba malangizo a kunja sachidziwa. Kumene kulibe magetsi, chipangizo chimapita kokatchajitsa pamsika ndipo chimakhala kumeneko maola ambiri m'manja mwa anthu ena. Komwekonso n'kumene ana amakaikitsa nyimbo ndi mafilimu, ndipo zolaula zambiri zimalowa m'foni ya mwana kudzera m'memori khadi ndi fulashi popanda bandulo ngakhale ya K100. Mavairasi a mtundu wa Gamarue uja amayendanso m'mafulashi omwewa. Chipangizo chizipita kokatchajitsa chitazimitsidwa ndi kukhomedwa ndi nambala, ndipo ngati kuli kotheka apite nacho wamkulu.

Tsopano tifike pa anthu, chifukwa makina paokha sanyenga mwana. Ophunzira amalowa m'magulu a pa WhatsApp ogawana manotsi ndi mapepala a mayeso akale, ndipo m'gulu lotere nambala ya mwana imaonekera kwa anthu ambirimbiri osawadziwa. Ena amalonjeza likasa. Tikukumbukira kuti mu November 2020 mayeso a MSCE adaimitsidwa chifukwa mapepala adabedwa ndi kufalitsidwa, ndipo ana osalakwa adalembanso mu January 2021. Munthu wolonjeza pepala la mawa amafuna ndalama, ndipo kwa mtsikana nthawi zina amafuna chithunzi. Wonyenga sayamba ndi mawu oipa. Amayamba ndi kuyamikira, kuthandiza masamu, kutumiza mayunitsi, kenaka amati tizicheza awiri, usauze amayi ako. Akalandira chithunzi chimodzi chochititsa manyazi amasintha nkhope n'kuyamba kuopseza kuti achitumiza kwa achibale ndi kusukulu. Tisaganize kuti izi zimagwera atsikana okha. Anyamata ambiri akodwa ndi anthu odzionetsa ngati atsikana amene cholinga chawo n'kulanda ndalama, ndipo mu July 2024 kampani ya Meta idalengeza kuti yatseka maakaunti a Instagram pafupifupi 63,000 a ku Nigeria amene ankachita ntchito yomweyi.

Tinenenso mosabisa za mphunzitsi amene wabwereketsa chipangizo chake. Aphunzitsi ambiri ndi anthu aulemu amene akudzimana pofuna kuti ana athu akhoze. Komabe munthu amene wapereka foni, amadziwa nambala yake, ndiponso amagwira tsogolo la mwana pa mayeso, ali ndi mphamvu yaikulu pa mwanayo. Mphunzitsi wabwino sangakhumudwe mutamuuza kuti ntchito ya kusukulu izitumizidwa pagulu limene kholo lilimo, kuti pasakhale mauthenga a awiri usiku, ndi kuti phunziro la pakamera lizichitikira pamalo poonekera. Dongosolo limeneli limatetezanso mbiri ya mphunzitsiyo ku mabodza.

Apa ndi pamene chinthu chobwereka chimapweteka koposa. Mwana amene wakodwa pa foni yakeyake amaopa manyazi. Amene wakodwa pa chipangizo cha sukulu kapena cha bungwe amaopa manyazi, amaopanso kuti chilandidwa, kuti thandizo la fizi liima, kuti bambo ake alipitsidwa ndalama zimene alibe, ndi kuti amalume aja a ku Joni amva. Mantha amenewa ndiwo chida cha woopseza, ndipo amamugwirira ntchito bwino kuposa vairasi iliyonse. N'chifukwa chake mawu ofunika kwambiri ayenera kunenedwa tsiku loyamba, vuto lisanabwere: kuti mwana akakumana ndi choopsa n'kunena, sadzamenyedwa ndipo sukulu yake sidzaima. Kholo limene mwana amadziwa kuti liyamba ndi chikwapu limamva nkhani pomalizira, mudzi wonse utadziwa kale.

Mwana akaulula, musatumize ndalama, pakuti wolandira kamodzi amabweranso. Musafufute mauthenga, chifukwa ndiwo umboni, ndipo musatumize chithunzicho kwa achibale pofuna kuwaonetsa zimene zachitika, popeza kufalitsa chithunzi cholaula cha mwana ndi mlandu ngakhale wofalitsayo ali ndi cholinga chabwino. Lamulo la dziko lino la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa zithunzi zotere komanso kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pa makina, ndipo chiyambire 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Imbani nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, kapena pitani kupolisi ku ofesi ya Victim Support Unit. Palinso njira yaulere ya pa intaneti yotchedwa Take It Down, imene bungwe la ku America la NCMEC lidakhazikitsa lothandiza ana osakwana zaka 18 kuti zithunzi zawo zichotsedwe pa masamba amene amagwirizana nalo, ndipo chithunzicho sichichoka m'foni ya mwana, chimangopatsidwa chizindikiro chochizindikirira. Mwini chipangizo auzidwenso, koma mwakachetechete, ndi munthu mmodzi wamkulu.

Wina angafunse ngati kuyang'ana m'foni ya mwana sikuli kufufuza zinsinsi za munthu kumene chipembedzo chathu chimaletsa. Kusiyana kwake kuli poyera. Chimene chidalakwika ku Lower Merion chidali kuzonda mobisa. Kholo limene lauza mwana kuti Lachisanu lililonse tikachoka ku Jumu'a tizikhala pansi n'kuona limodzi magulu amene ulimo ndi anthu amene akukulembera, silikuzonda, likulera. Ndipo Swala ya Isha ikatha chipangizo chizigona kuchipinda kwa makolo, chifukwa mauthenga ambiri oipa amabwera nyumba ikagona, komanso mwana wogonera pa foni amavutika kudzuka pa Fajr ndipo amasinza m'kalasi.

Tsiku lobweza lili ndi ntchito yakenso. Chipangizo cha sukulu kapena cha bungwe chikachoka kwa mwana wanu chimapita kwa mwana wa wina. Chotsani simu khadi ndi memori khadi, tulukani m'maakaunti onse, sungani kwina manotsi amene mwana akuwafunabe, ndipo pemphani kuti chifufutidwe inu muli pomwepo. Ngati mudalemberana kapepala tsiku lolandira, kosonyeza m'mene chipangizocho chidalili, ntchito imene chidaperekedwera ndi amene adzalipire chikaonongeka, mupite nako, onse awiri musainirane kuti katundu wabwerera kwa mwini wake ali bwino.