Jakisoni wa chigodola cha ng'ombe ali ndi chiyambi m'mitengo

Ng'ombe ikagwidwa ndi chigodola imayamba ndi kutupa mwanabele m'munsi mwa khutu, pomwe nkhupakupa zofiirira zimakonda kukakamira. Thupi limatentha, msipu imangouyang'ana, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu mapapo amadzaza madzi, thovu n'kumatuluka m'mphuno. Bungwe la ILRI la ku Nairobi limati matendawa, omwe madokotala a ziweto amawatchula kuti East Coast fever, amapha ng'ombe pafupifupi 1 miliyoni chaka chilichonse mu Africa muno.

Kachilombo kake, Theileria parva, n'kochenjera. Sikayandama m'magazi poyera ayi. Kamalowa m'kati mwa maselo oyera a magazi, omwe ntchito yawo ndi kuteteza thupi, n'kuwachititsa kuswana mosalekeza ngati khansa. Mankhwala oti akaphe ayenera kukafika m'kati mwa selo momwemo, koma osavulaza ng'ombeyo.

Mankhwala omwe akwanitsa zimenezi anachokera kutali. Ku China, muzu wa chitsamba cha chang shan wakhala ukuchiza malungo kwa zaka mazanamazana. M'zaka za m'ma 1940 akatswiri anachotsamo febrifugine, yemwe amaphadi tizilombo ta malungo koma amasanzitsa koopsa. Atamusintha kapangidwe anapeza halofuginone, ndipo m'ma 1980 ankamwetsa ng'ombe za chigodola. Vuto linali mlingo: ukangopitirira pang'ono, ng'ombe yomwe umati uichize imadwala ndi mankhwalawo. Lero halofuginone amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa matenda otsekula m'mimba a ana a ng'ombe.

Jakisoni wa buparvaquone, yemwe alimi amamudziwa kuti Butalex, ndi wa banja limodzi ndi lapachol wopezeka mu mtengo wa lapacho ku South America. Banjali analifufuza kwambiri pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kwinini wa malungo atasowa, ndipo kampani ya Wellcome ya ku Britain inadzatulutsamo parvaquone kenako buparvaquone m'ma 1980. Buparvaquone amatseka njira yomwe kachilombo kamapangira mphamvu. Koma ndi wodula, ndipo amathandiza ng'ombe ikabayidwa msanga, mapapo asanadzaze.

Pa kaodzera wa ziweto, wofalitsidwa ndi kashembe, zinthu sizili bwino. Berenil anatuluka mu 1955, Samorin m'ma 1960, ndipo mpaka lero ndi omwewo. M'mayiko ambiri tizilombo tayamba kuwapima mphamvu. N'chifukwa chake ofufuza akupera masamba a nimu, makungwa ndi mizu yosiyanasiyana, ngakhalenso kuyesa artemisinin, mankhwala a malungo omwe Tu Youyou anawachotsa mu chomera cha Artemisia annua mu 1972. Zotsatira zambiri zosangalatsa zimathera m'botolo la mu labotale kapena pa mbewa. Ng'ombe ili ndi chifu cha zigawo zinayi, ndipo tizamoyo ta m'chifumo timagaya mankhwala ambiri a m'masamba asanafike m'magazi. Ndiponso mphamvu ya tsamba imasintha malinga ndi dothi ndi nyengo, kotero wosinja mumtondo sangadziwe mlingo womwe wapereka. Amene amalonjeza mlimi kuti madzi a nimu athetsa chigodola akumutayitsa masiku omwe jakisoni akanapulumutsira ng'ombe.

Pomwe masamba osinja amathandizako ndi kunja kwa thupi. Ombwe ali ndi rotenone, ndipo madzi ake akawazidwa pa ng'ombe amachepetsa nkhupakupa. Otsalawo asatayidwe kumtsinje, chifukwa ombwe yemweyu ndi amene amapha nsomba.

Katemera wa chigodola amapangidwa ku Lilongwe konkuno, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases. Mwana wa ng'ombe amabayidwa tizilombo tamoyo pamodzi ndi oxytetracycline, ndipo kubaya kamodzi kumamuteteza moyo wake wonse. Katemerayu amasungidwa mu nayitrojeni wozizira kwambiri, choncho wobaya ayenera kukhala mlangizi wa ziweto wophunzitsidwa, osati mlimi payekha.