Masipika asanu sapanga surround ngati chingwe ndi cholakwika

M'nyumba zambiri za achinyamata ku Ndirande, Area 25 kapena Chibavi mumapeza zofanana: kanema pakati, sabufa pansi, timasipika tisanu titandandalikidwa pa shelefu ngati ana a sukulu pa foleni. Mwini wake amanyadira kuti ali ndi surround sound. Koma ine ndikatchera khutu, kawirikawiri ndimamva mawu amodzimodzi akutuluka m'masipika onse. Phokoso lilipo ndithu, mpaka aneba kugogoda, koma chimene munthuyo anatayira ndalama sichikufika m'makutu.

Manambala aja a 5.1 olembedwa pa katoni akutanthauza njira zisanu ndi imodzi za mawu, iliyonse ndi ntchito yake. Sipika ya pakati imanyamula zolankhula za anthu a mu filimu. Ziwiri za kutsogolo, kumanzere ndi kumanja, zimanyamula nyimbo ndi zochitika. Ziwiri za kumbuyo ndi za mvula, mfuti yolira kutali kapena chikhamu cha anthu m'bwalo la mpira. Ka .1 kaja ndi sabufa, ya kugunda kwa besi. Opanga mafilimu amalekanitsa mawuwa kale. Ntchito yanu ndi kuwapatsa njira yoti afike osasakanikirana.

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Chingwe chija cha mitu yofiira ndi yoyera, cha RCA, chimanyamula njira ziwiri basi: kumanzere ndi kumanja. Cha AUX cholowa pa kabowo ka mahedifoni ndi chimodzimodzi. Bluetooth, imene timaikonda chifukwa chosavuta, nayonso imatumiza njira ziwiri, ndipo nthawi zina mawu amachedwa, mlomo wa munthu n'kutseka iye akumvekabe. Mukalumikiza motere, makina amangotenga mawu awiriwo n'kuwagawira masipika onse, kapena kuyerekeza chabe mawu a kumbuyo.

Zingwe zodziwika kwambiri zimene zimanyamula 5.1 kuchokera pa kanema ndi ziwiri. Choyamba ndi HDMI. Suzumirani kumbuyo kwa kanema, mupeze bowo la HDMI lolembedwa ARC kapena eARC, ndipo mulumikize ndi bowo la dzina lomwelo pa ampulifaya kapena soundbar. ARC inabwera mu 2009 ndi HDMI 1.4, ndipo imalola kanema kubweza mawu ku masipika kudzera m'chingwe chimodzi. Zikatero dekoda, PlayStation ndi laputopu zonse zilowe mu kanema, kanemayo ndiye azitumiza mawu. Ngati zakana kumvana, yatsani CEC m'masetingi. Samsung amaitcha Anynet+, LG amati SimpLink, Sony amati Bravia Sync. Phindu lina ndi loti rimoti imodzi ya kanema imayamba kukweza ndi kutsitsa voliyumu.

Chachiwiri ndi cha optical, chopyapyala, chimene chimawala kofiira kunsonga. Ichi ndi mpulumutsi wa zipangizo zakale zimene abale amatumiza kuchokera ku Joni, chifukwa zambiri zilibe ARC. Chimakwanitsa Dolby Digital 5.1 bwinobwino. Ingochotsani katsekero ka pulasitiki kunsonga, ndipo musachipinde, chimathyokera mkati.

Chingwe chikakhala chabwino, pamatsala kabatani kamodzi kobisika. M'masetingi a mawu muli pena polembedwa Digital Audio Output. Pakakhala pa PCM, kanema amatumiza njira ziwiri zokha kudzera mu optical kapena ARC wamba. Sinthani pakhale Auto, Bitstream kapena Passthrough. Chitaninso chimodzimodzi pa dekoda. Ampulifaya yambiri imalemba Dolby Digital pa kagalasi kake ikalandira mawu enieni, ndipo umenewo ndiye umboni wanu.

Musadabwenso masipika a kumbuyo akakhala chete pomwe mukuonera nkhani. Nyimbo pafupifupi zonse za pa foni, mavidiyo ambiri a pa YouTube ndi timakilipi ta pa TikTok n'zojambulidwa m'njira ziwiri. Poyesa, sankhani filimu imene Netflix yaika chizindikiro cha 5.1, kapena gwiritsani ntchito Test Tone ya pa ampulifaya, imene imaliza sipika imodziimodzi.

Kenako chotsani masipikawo pa shelefu. Ya pakati ikhale pansi pa kanema penipeni. Ziwiri za kutsogolo zitalikirane mofanana mbali zonse, zitayang'ana pamene mumakhala. Za kumbuyo zikhale m'mbali mwa mpando, chakumbuyo pang'ono, pamwamba pang'ono pa makutu. Ndikudziwa, m'nyumba ya lendi alandilodi safuna misomali pa khoma. Timipando tiwiri kapena zenera zimathandiza, ndipo waya mutha kumudutsitsa pansi pa kapeti. Polumikiza, wofiira apite pofiira, wakuda pakuda. Mukasemphanitsa sipika imodzi, besi imachepa mphamvu.

Kwa amene simunagule, langizo langa ndi ili: mukafika m'sitolo ku Limbe kapena ku Malangalanga, wogulitsa akakukwezerani voliyumu, inu tembenuzani makinawo muone kumbuyo. Ngati kuli mabowo awiri okha, lofiira ndi loyera, kuphatikiza USB ndi Bluetooth, amenewo ndi makina a nyimbo. Ndi abwino pa phwando, koma musawalipire mtengo wa sinema. Ndipo ngati mukukhala m'chipinda chimodzi, masipika awiri abwino ndi sabufa akusangalatsani kuposa asanu otchipa ounjikana pamodzi.

Musaiwale magetsi athu. Akazima, zulani zipangizo pa soketi, chifukwa pobwera amatha kubwera ndi mphamvu yopyola 230V imene zipangizozi zimayembekezera, n'kuotcha ampulifaya kapena mabowo a HDMI. TV guard ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi kanema watsopano. Polumikiza zingwe, zimitsani kaye chilichonse.

Ndalama ikusowa, ndipo zipangizo zonsezi zimachokera kunja. Musanaweruze kuti makina anu ndi a feki n'kuyamba kusunga za ena, tengani tochi ya pa foni yanuyo muunike kumbuyo kwa kanema. Mwina mukungofunika chingwe chimodzi ndi mphindi khumi m'masetingi.