Mpando Usatimange

Kale ndinkakhala pa kompyuta kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, kudzuka pa nkhomaliro pokha. Msana utayamba kubaya, ndinkada mpando, osadziwa kuti wolakwa ndine.

Mu 1953, dokotala wina wa ku Britain, Jeremy Morris, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wake pa anthu ogwira ntchito m'mabasi osanjikizana a ku London. Anapeza kuti madalaivala, omwe ankangokhala tsiku lonse, ankadwala mtima kwambiri kuposa makondakitala, omwe ankakwera ndi kutsika masitepe potolera ndalama. Basi imodzimodziyo, koma mitima yosiyana.

Munthu ukakhalitsa, minofu ya m'miyendo imagona, magazi amayenda mwaulesi, ndipo thupi limavutika kugwiritsa ntchito shuga ndi mafuta. N'chifukwa chake bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, komanso kuchepetsa nthawi yokhala pansi.

Masiku ano ndimadzuka pakangotha theka la ola. Ndimagwiritsa ntchito kabotolo kakang'ono ka madzi kuti ndizikatunga pafupipafupi. Foni ikalira, ndimayankha nditaimirira. Mnzanga wa mu ofesi yoyandikana ndimamuyendera m'malo momutumizira uthenga pa WhatsApp.

Ndikakhala, mapazi amaponda pansi bwinobwino, msana umatsamira, mapewa amamasuka. Laputopu ndinaiika pamwamba pa mabuku atatu akale kuti ilingane ndi maso anga, khosi lisamawerame. Sindinagule chilichonse, koma msana uja unasiya kudandaula.