Ulalo Umene Uli M'mutu Mwathu

Mayi akaitana mwana wake kuti, "Bwera kuno!" mwanayo amadziŵa asananyamuke ngati akumuitanira nsima kapena mkwapulo. Mawu ngomwewo, koma kamvekedwe kake kamaulula za mumtima. Kodi mwanayo amagwira bwanji zinthu ziŵirizi nthaŵi imodzi?

Ubongo wa munthu uli ndi mbali ziŵiri, monga mtedza umene umagaŵika pakati. M'chaka cha 1861 dokotala wina wa ku Paris, Paul Broca, anapima ubongo wa munthu amene kwa zaka zambiri ankangotha kunena liwu limodzi lokha lakuti "tan", napeza bala ku mbali ya kumanzere. Mu 1874 Carl Wernicke wa ku Germany anapeza malo ena, kumanzere komweko, amene akawonongeka munthu amasoŵa tanthauzo la zimene akumva. Tsono mwa anthu ambiri mbali ya kumanzere ndiyo imatola mawu ndi kuwalumikiza. Ya kumanja imatsata makamaka kukwera ndi kutsika kwa liwu, nizindikira mkwiyo, chifundo kapena nthabwala.

Pakati pa mbali ziŵirizi pali ulalo wa mitsempha pafupifupi 200 miliyoni, umene madokotala amautcha corpus callosum. Paulalo pamenepa mpomwe mawu ndi kamvekedwe kake zimakumanirana, mofulumira kotero kuti ife timangoyesa chinthu chimodzi.

Chodabwitsa nchakuti mitsempha ya makutu imapingasana. Yambiri ya khutu la kumanja imapita kumanzere kwa ubongo, ndipo yambiri ya khutu la kumanzere imapita kumanja. Mu 1961 mayi wina wophunzira kwambiri, Doreen Kimura, ali ku Montreal m'dziko la Canada, ankamvetsa anthu manambala osiyana ku makutu onse aŵiri nthaŵi imodzi. Ambiri anakumbukira bwino za khutu la kumanja, pakuti njira yake njachidule. Za khutu linalo ziyenera kuyamba zaoloka ulalo uja.

Nanga ulalowo utaduka? Ku California kunali odwala khunyu loopsa amene madokotala anawadula ulalowu kuti matenda asamaolokere mbali ina. Odwalawo ankacheza bwinobwino ndi abale awo. Koma mu 1968, atawayesa ndi mawu osiyana ku makutu onse aŵiri, ankabwereza za kumanja zokha, za kumanzere ngati sizinanenedwe nkomwe. Khutulo silinali logontha ayi. Uthenga unkasoŵa pooloka. Roger Sperry, mmodzi wa ofufuzawo, analandira mphoto ya Nobel mu 1981.

Ife olankhula Chicheŵa pano pali potikhudza. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba mofanana, koma khutu limasiyanitsa chifukwa cha kakwezedwe ka liwu. Chithai, chinenero cha ku Thailand, chimateronso. Mu 1973 ofufuza a ku Los Angeles anapeza kuti eni chinenerocho amamva kusiyana kotereku bwino ndi khutu la kumanja. Ndiye kuti kakwezedwe ka liwu kakamasintha tanthauzo la mawu, mbali ya kumanzere imaloŵererapo kwambiri. Malire a ntchito za mbali ziŵirizi sali ouma monga ena amaphunzitsira.

Zonsezi zimafika m'nyumba mwathu tsiku limene agogo agwa ndi sitiroko. Mtsempha wa magazi ukatsekeka kapena kuphulika kumanzere kwa ubongo, dzanja ndi mwendo wa kumanja zimafa, ndipo kaŵirikaŵiri mawu amathaŵa. Apa sipofunika kuyamba kulozana zala za ufiti. Pofunika nkuthamangira nawo ku chipatala ola lomwelo. Akabwerako, tisamawanene iwo ali pomwepo ngati kuti sakumva. Mawu athu angawasokonekere, koma mbali ya kumanja ikali moyo, ndipo liwu lotopa nawo amalizindikira msanga. Ena mwa odwala otere, amene sangathe kupempha ngakhale madzi akumwa, amvano akabwera kudzawaona nayambitsa nyimbo imene anaizoloŵera kuyambira ubwana, amatsegula pakamwa nayimba nawo, mawu ake omwe.